Zebrafish ndi mankhwala a RNA: kansombaka kamanena zoona pati, nanga kamatinamiza pati?

Funso: "Ndikuphunzira za mankhwala, ndili chaka chachitatu. Ndawerenga kuti ofufuza akumayesa mankhwala a RNA, a mtundu wa katemera uja wa Covid-19, pa tinsomba totchedwa zebrafish asanawapereke kwa anthu. Zikundivuta kumvetsa. Nsomba ilibe mapapo, thupi lake limatsatira kuzizira kwa madzi, ndipo sitifanana nayo n'komwe. Zotsatira zake zingatiuze chiyani za munthu? Kapena angopeza njira yotchipa yothawira mtengo wa mbewa?"

Yankho: Kutchipa kulipo, sindikana. Zebrafish yaikazi imodzi imatha kuikira mazira 200 mpaka 300 pa sabata, pamene mbewa imakhala ndi bere masabata atatu n'kubereka tiana tosakwana khumi kawirikawiri. Koma chimene chimatikokera ku kansombaka si ndalama kwenikweni. Kamwana kake n'koonekera mkati ngati galasi, ndipo chimene chimatiwawitsa mutu pa mankhwala a RNA n'chakuti ukangowabaya m'thupi, sudziwanso bwinobwino kumene alowera.

Mu mankhwala amenewa muli zinthu ziwiri, ndipo mukazisakaniza mudzasokonezeka ndi pepala lililonse limene mungawerenge. Pali uthenga, ndiye kuti RNA yeniyeniyo ndi zilembo zake. Palinso chonyamulira, chimene chimaufikitsa uthengawo m'kati mwa selo. Pa nkhani ya chonyamulira, nsombayi ndi mboni yabwino kwabasi. Pa nkhani ya uthenga ndi mboni yofunika kuifunsa mochenjera, chifukwa imatha kukunamizani osaphethira n'komwe (paja zikope ilibe).

Dzina lake la sayansi ndi Danio rerio. Kwawo ndi m'timitsinje ndi m'madambo a ku India, Bangladesh ndi Nepal, ndipo ikakula imafika masentimita 4 basi. George Streisinger wa pa University of Oregon ndi amene anailowetsa mu labotale m'zaka za m'ma 1970, ndipo mu 1996 magulu a Christiane Nüsslein-Volhard ku Tübingen ndi Wolfgang Driever ku Boston anatulutsa mndandanda wa nsomba mazanamazana zokhala ndi majini owonongeka. Pa madigiri 28.5, mtima umayamba kugunda pakangotha tsiku limodzi. Tsiku lachiwiri magazi akuzungulira bwino. Pofika tsiku lachisanu kansombako kakusambira, kakudzisakira chakudya, kali ndi chiwindi, impso, matumbo ndi maso oona, koma kutalika kwake ndi mamilimita 4 okha, moti kamakwana m'kadzenje kamodzi ka mbale ya mu labotale ya timayenje 96.

Poti mukuphunzira kale za mankhwala, za mitundu yake ndingodutsa. Ma antisense oligonucleotide, amene timangoti ma ASO, ndi tizingwe tatifupi timene timamatirira pa RNA ya m'selo kuti iphwanyidwe kapena idulidwe mwa njira ina. Nusinersen wa matenda a SMA ndi eteplirsen wa matenda a Duchenne (awiriwa ndi matenda obadwa nawo ofooketsa minofu), onse ovomerezedwa mu 2016 ndi FDA, bungwe loona za mankhwala ku United States, ali m'gulu ili. Ma siRNA amatseka jini pakamwa pogwiritsa ntchito makina amene selo lili nawo kale, amene Andrew Fire ndi Craig Mello anawatulukira mu 1998 pa kanyongolotsi. Woyamba kuvomerezedwa anali patisiran mu 2018. Ndiye pali mRNA, imene imapatsa selo malangizo opangira puloteni. Ma ASO amawalimbitsa ndi kemisitili n'kuwabaya opanda chovala, koma mRNA ikalowa m'magazi yamaliseche, ma enzyme amaikhadzulakhadzula m'mphindi zochepa. N'chifukwa chake patisiran ndi makatemera a mRNA amakulungidwa m'timipira ta mafuta totchedwa lipid nanoparticles, mwachidule LNP, ta pafupifupi nanomita 100 kapena kucheperapo. Kampira kalikonse kali ndi mitundu inayi ya mafuta. Mukasintha mtundu umodzi kapena muyezo wake, mwapanga kampira kena kamene kangapite ku chiwalo china. Wofufuza amatha kukhala ndi timipira tosiyanasiyana 50 pa tebulo, osadziwa kabwino ndi kati.

Apa mpamene nsomba imadyera bwino. Madzulo timaika yaimuna ndi yaikazi m'kathanki kamodzi, pakati pali chotchinga. M'mawa magetsi akangoyaka timachotsa chotchingacho, chifukwa nsombazi zimaikira kukangocha, ndipo pasanathe ola pansi pamakhala timazira mbwee. Singano yake si yachitsulo. Ndi kachubu ka galasi kokokedwa pa moto mpaka nsonga kukhala yopyapyala kuposa tsitsi, ndipo nsongayo timaithyola ndi kapanila pansi pa maikulosikopu. Ukathyola kwambiri wabaya bowo lakupha, ukathyola pang'ono singano ikungotsekeka. Wophunzira watsopano amatha sabata zingapo pa kantchito kameneka kokha. Dontho limene timabaya ndi nanolita imodzi, gawo limodzi mwa magawo 1,000,000 a mililita. Timaliyeza polidonthetsera m'mafuta n'kuona ngati m'mimba mwake mwafika pafupifupi mamilimita 0.12.

Kansomba kakakwanitsa masiku awiri timakagonetsa ndi tricaine, kukagoneka chammbali mu agarose, n'kubaya pa mtsempha waukulu wodutsa pamwamba pa kathumba ka chakudya kamene kamabadwa nako, mtsempha wotchedwa duct of Cuvier. Timipira tija timakhala titatipaka utoto wowala mofiira, ndipo mRNA ya mkati mwake ndi yopangira puloteni yowala mobiriwira. Mtima ukangogunda kangapo, kufiira kuja kumaoneka kukusefukira m'mitsempha mpaka kumchira. Tsiku loyamba kuona zimenezi ndinaiwala ndi kujambula komwe. Pakatha ola mumaona timipira tina tikuyendabe ndi magazi, tina tamatirira pa makoma a mitsempha, tina tamezedwa ndi ma macrophage, maselo oteteza thupi amene amameza zachilendo. M'mawa mwake mumayang'ana kubiriwira. Selo lofiira koma losabiriwira ndi selo limene linameza kampira n'kukatsekera m'kathumba kotchedwa endosome, uthenga osatuluka. Vutoli si laling'ono: gulu la Marino Zerial ku Dresden linapeza mu 2013 kuti siRNA imene imatuluka m'timatumbati ndi peresenti imodzi kapena awiri okha. Mu mbewa, kuti muone zimenezi muyenera kuipha, kuchotsa chiwindi n'kuchidula timagawo, ndipo chimene mwapeza ndi chithunzi cha mphindi imodzi. Mu nsomba mukuonera nyama imodzimodziyo yamoyo, ola ndi ola, selo ndi selo.

Kodi zimene timaonazo zimagwirizana ndi za nyama zoyamwitsa? Nthawi zambiri inde, ndipo chitsanzo chimene ndimachikonda ndi cha gulu la Alexander Kros ku Leiden University. Mu 2018 iwo anasonyeza kuti timipira tokhala ndi mphamvu ya magetsi ya negative timatoledwa msanga ndi maselo a m'makoma a mitsempha ya kumchira kwa kansomba, kudzera pa puloteni yotchedwa stabilin-2. Maselo amenewo amagwira ntchito yofanana ndi ya maselo a m'timitsempha ta m'chiwindi cha munthu, amenenso ali ndi stabilin-2. Mu 2022 anatenga kapangidwe ka timipira ta patisiran, n'kusinthamo mafuta amtundu umodzi wokha, DSPC n'kuikamo DSPG, ndipo mRNA inayamba kupita ku maselo otolera aja. Atayesa pa mbewa, zinachitikanso m'chiwindi. Taonani kuti chimene chinafanana si malo. Mu nsomba zinachitikira kumchira, mu mbewa m'chiwindi. Chinafanana ndi mtundu wa selo ndi khomo lolowera. Amene sadziwa zimenezi akhoza kulemba kuti mankhwala ake "amapita kumchira", n'kuseketsa anthu.

Ngakhale pa chonyamulira pali malire. Mafuta amasintha kulimba kwake potengera kutentha, ndipo pakati pa madigiri 28.5 a nsomba ndi 37 a munthu pali mtunda. Chiwindi cha kansomba chimayamba kulandira magazi bwino cha m'tsiku lachitatu, choncho amene wabaya tsiku lachiwiri n'kunena kuti timipira take sitifika kuchiwindi wangofulumira. Za mapapo mwanena zoona: mRNA yopumira, monga imene akuyesera matenda a cystic fibrosis, nsomba ilibe nayo mawu.

Tsopano uthenga. Mwina munakumana ndi chiwerengero chija chotchuka: pamene Wellcome Trust Sanger Institute ndi anzawo anatulutsa jinomu ya zebrafish mu 2013, anapeza kuti pafupifupi maperesenti 70 a majini a munthu ali ndi mnzake mu nsomba, ndipo pa majini okhudzana ndi matenda ndi maperesenti 82. Chiwerengerochi n'choona, koma pa mankhwala a RNA chimasocheretsa anthu ambiri. Kunena kuti jini lili ndi mnzake ndiye kuti awiriwo anachokera kwa kholo limodzi ndipo amagwira ntchito yofananirako. Sizitanthauza kuti zilembo zake n'zofanana. Piritsi wamba amagwira puloteni potengera maonekedwe ake, ndipo maonekedwewo sasintha msanga pakati pa nyama. ASO ndi siRNA zimawerenga zilembo chimodzichimodzi. Nusinersen ali ndi zilembo 18, eteplirsen 30. Zikangosiyana ziwiri kapena zitatu, mankhwala sagwira. Pamwamba pa apo, makolo akale a nsomba zambiri anabwereza jinomu yawo yonse, moti jini limodzi la munthu nthawi zina limakhala ndi anzake awiri mu zebrafish. Mukatseka lina, linalo n'kupitiriza ntchito. Nusinersen ndiye chitsanzo chothetsa makani: amagwira pa jini la SMN2, limene lili mwa anthu okha. Zebrafish ili ndi jini limodzi la smn. Gulu la Christine Beattie ku Ohio State University linaonetsa bwino mu 2003 kuti likachepa, minyewa yopita ku minofu imakula mosokonekera, ndipo zimenezo zinathandiza kumvetsa matendawo. Koma mankhwala enieniwo Adrian Krainer ndi Frank Bennett anawakulitsira m'maselo a munthu ndi mu mbewa zoikidwa jini la munthu.

Ndiye pa uthenga nsomba ndi yopanda ntchito? Ayi. Imayesa ganizo, osati botolo la mankhwala. Tengani matenda a Usher, amene munthu amabadwa wosamva bwino kenako maso n'kumafa pang'onopang'ono. Jini la USH2A lili ndi zigawo 72, zija timati ma exon, ndipo odwala ambiri ali ndi cholakwika pa exon 13. Ofufuza anaganiza zolumpha chigawo chonsecho pogwiritsa ntchito ASO. Chili ndi zilembo 642, zimene zimagawika bwino patatupatatu, choncho mawerengedwe a zigawo zotsatira sasokonekera. Funso lotsala linali lalikulu: puloteni yochotsedwa ma amino acid 214 ingagwirebe ntchito m'diso lamoyo? Mbewa sinali yabwino pa funsoli chifukwa ikasowa jinili maso ake amachedwa kwambiri kuonetsa vuto, pomwe tiana ta zebrafish timaonetsa m'masiku oyambirira. Gulu la Erwin van Wijk ku Radboud, mumzinda wa Nijmegen, pamodzi ndi kampani ya ProQR, linapanga ma morpholino, mtundu wina wa ASO, ogwirizana ndi zilembo za nsomba, kulumpha exon 13 ya nsomba, ndipo puloteni inabwerera m'maselo olandira kuwala, diso n'kuyamba kuyankha kuwala bwino pa makina oyezera. Zotsatirazi zinasindikizidwa mu 2021. Koma mankhwala opita kwa anthu, QR-421a, amene pano amatchedwa ultevursen, ali ndi zilembo za munthu, ndipo iwo anayesedwa pa maselo ochokera kwa wodwala. Nsomba inati ganizoli ndi lotheka. Za botolo lenilenilo anayankha ndi ena.

Mwina mukuti, bwanji osangoika chidutswa cha jini la munthu mu nsomba? Zimachitika, makamaka chibwerere CRISPR, njira yosinthira majini, koma musaganize kuti n'zosavuta. Gulu lomwelo la ku Nijmegen linayesa mu 2018 ndi cholakwika china cha USH2A chimene chili mkatikati mwa intron, chigawo chimene selo limachidula n'kuchitaya popanga mRNA. Mwa munthu cholakwikacho chimanyenga selo kuti lilowetse kachidutswa kachabechabe mu mRNA. Mu nsomba, makina odulira RNA sanachilabadire kwenikweni. Chinalowa pa gawo lochepa kwambiri la RNA. Zilembo zinali za munthu, koma wowerenga anali nsomba. Ndimawalemekeza chifukwa anasindikiza kulepherako m'malo mokubisa mu dirowa.

Pa Duchenne nkhani ndi yofananako. Nsomba yotchedwa sapje, yochokera mu mndandanda wa ku Tübingen uja, ilibe dystrophin, puloteni yolimbitsa minofu imene odwala Duchenne amasowa. Mukaiunika ndi kuwala kodutsa pa magalasi awiri a polarizer, minofu ya kansomba kabwino imawala ngati siliva, ya kodwala imaoneka zigambazigamba zakuda. Munthu mmodzi amayeza tinsomba mazana tsiku limodzi. Gulu la Peter Currie ku Australia linagwiritsa ntchito nsomba zoterezi poyesa kulumpha ma exon. Koma pali msampha. Morpholino timaibaya m'dzira likadali selo limodzi, ndiye selo lililonse lobadwa pambuyo pake limalandira gawo lake mwaulere. Mwa mnyamata wodwala, mankhwala a kemisitili yomweyo ayenera kuchoka m'magazi n'kulowa m'minofu ya thupi lonse, ndipo apo mpamene pagona vuto. Dystrophin imene eteplirsen anaonetsa mwa odwala pa nthawi yovomerezedwa inali yosakwana peresenti imodzi ya mlingo wa munthu wabwinobwino, ndipo chivomerezocho chinadzetsa mkangano waukulu mkati mwa FDA momwemo. Kuchiritsa dzira si kuchiritsa mwana.

Mbiri ya morpholino muyenera kuidziwa, chifukwa inatiphunzitsa ndi chikwapu. Aidas Nasevicius ndi Stephen Ekker ataonetsa mu 2000 kuti imatseka majini mu zebrafish, aliyense anaithamangira. Mu 2007 zinadziwika kuti ma morpholino ambiri amadzutsa p53, puloteni yolamula selo lowonongeka kuti life, n'kupha maselo a mu ubongo mosakhudzana ndi jini limene akulonda. Ine ndinapsapo. Ndinapeza tinsomba ta timitu tating'ono, timaso tating'ono ndi michira yopindika, ndinasangalala mwezi wathunthu, mpaka mnzanga wina anandifunsa ngati ndinabayapo morpholino ya zilembo zosokonezedwa dala pa mlingo womwewo. Nditabaya, tinsomba take tinapindika chimodzimodzi. Mu 2015 gulu la Nathan Lawson ku University of Massachusetts linayerekeza ndi nsomba zowonongedwa jini lenilenilo, n'kupeza kuti pafupifupi maperesenti 80 a zizindikiro za morpholino sizinaonekemo. Chaka chomwecho gulu la Didier Stainier ku Max Planck Institute ya ku Bad Nauheim linabweretsa mbali ina: nthawi zina nsomba yowonongedwa jini imaoneka yabwino chifukwa majini apachibale adzuka n'kutseka mpatawo, ndipo mu 2019 anaonetsa kuti chimene chimawadzutsa ndi kuphwanyidwa kwa mRNA yolakwikayo. Kwa munthu wopanga mankhwala ophwanya RNA, phunziro limeneli ndi la mtengo wapatali, ndipo linachokera ku nsomba. Ma siRNA nawo ali ndi khalidwe lawo m'mazira a zebrafish: amalimbirana makina ndi miR-430, microRNA imene kamwana kamafunikira pochotsa RNA yochokera kwa mayi, ndiye kamapunduka mosasamala kanthu za zilembo zimene mwabaya.

Pa chitetezo cha mankhwala, nsomba imagwira zoopsa zoonekeratu: mtima kutupa madzi, kugunda kusokonekera, magazi kuima, chiwindi kuda, ma neutrophil kukhamukira pamalo amodzi. Ilinso ndi mapuloteni ozindikira RNA yachilendo ndiponso interferon, chitetezo chomwe chija chimene Katalin Karikó ndi Drew Weissman anapeza njira yochizembera mu 2005. Koma chitetezo cha ma antibody chimakhwima pakatha masabata 4 mpaka 6. Choncho katemera amene mwamutchula uja simungamuyese mphamvu yake pa kansomba ka masiku atatu. Mungayese kampira kake kokha. Simungaonenso ma antibody olimbana ndi PEG (chimene chimakuta kunja kwa timipira tija) amene amabwera munthu akabayidwa mobwerezabwereza, ngakhale kutsika kwa ma platelet ndi kuwonongeka kwa impso, zimene zili pa chenjezo lalikulu la ASO yotchedwa inotersen. Zoterezi zimafuna miyezi ndi nyama yoyamwitsa. Mlingo woyenera wa munthu nawo sumachokera ku nanolita.

Za malamulo mwachidule. Ku European Union, lamulo la 2010/63 limayamba kuteteza tiana ta nsomba tikayamba kudya tokha, ndiye kuti pa zebrafish ndi pakatha masiku asanu. N'chifukwa chake kafukufuku wambiri amathera pa maola 120 ndendende. Nthawi zina si sayansi yalamula, ndi mafomu. Ine sindigwirizana ndi anzanga amene amalemba kuti sanagwiritse ntchito nyama. Kansomba ka masiku anayi kamathawa ukakakhudza, ndipo timakagonetsa tisanakabaye pa chifukwa. Ku United States, FDA Modernization Act 2.0 ya December 2022 inachotsa chikakamizo choti mankhwala onse ayesedwe pa nyama, komabe mafayilo a mankhwala a RNA amadalirabe makoswe, mbewa ndi anyani. Phindu la nsomba ndi lakuti pa timipira 50 tija, mwina tisanu tokha ndi timene tikafike ku mbewa.

Mukapeza pepala lonena kuti mankhwala a RNA agwira ntchito mu zebrafish, musayambire pa zithunzi zokongolazo. Pitani kaye kumene afotokoza njira. Onani ngati anabaya m'dzira la selo limodzi kapena m'magazi a kansomba koswedwa kale, ndipo linali tsiku lachingati. Onani ngati anayerekeza ndi zilembo zosokonezedwa pa mlingo womwewo, ndiponso ngati mazira anachokera kwa makolo angapo, chifukwa tiana 200 ta mayi mmodzi obayidwa m'mawa umodzi si kubwereza kafukufuku ka 200. Kenako tengani zilembo za ASO kapena siRNA yawo, zimene nthawi zambiri amazibisa mu tebulo la kumapeto, muziike mu BLAST, pulogalamu ya pa intaneti yofananitsira zilembo za majini, muone ngati zikugwirizana ndi jini la munthu kapena la nsomba. Zimatenga mphindi zisanu.